Seleri wa kudimba: zimene amachita m'thupi ndi mumphika

Seleri si ndiwo imene tinakulira nayo kuno ku Mchinji. Pamsika wa pa Boma, pa Kamwendo kapena ku Mkanda mumapeza milu ya repu, mpiru, tchainizi, nkhwani ndi bonongwe, koma seleri ambirife tinayamba kumumva pafoni tisanamuone ndi maso. Mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook amamutama kuti amatsitsa BP, amatsuka impso, amasungunula mafuta m'thupi, ena mpaka kunena kuti amabwezera abambo mphamvu. Zina mwa zimenezi zili ndi pogwira, zina n'zongokokomeza, ndipo chimodzi chingathe kuphetsa munthu akachitsatira. Ine seleri ndimamukonda, ndipo ndikulakalaka madimba athu atamakhala naye. Koma ubwino wake waukulu uli mumphika, pamene amathandiza wophika kuchepetsa mchere ndiwo n'kumakomabe, ndipo umenewu ndi umene mauthenga aja sautchula.

Mbewuyi ndi ya banja limodzi ndi kaloti ndi koriyanda, ndipo akatswiri a zomera amaitcha Apium graveolens. Kwawo kwenikweni ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, komwe seleri wakutchire amamera m'malo a lowe. Anthu anamudziwa kalekale: masamba ake anapezeka m'nkhata za maluwa m'manda a Tutankhamun, mfumu ya ku Egypt imene inamwalira zaka zoposa 3,000 zapitazo. Lero alipo wa mitundu itatu. Pali wa mapesi onenepa, amene mumamuona m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe. Pali wa mapesi opyapyala ndi masamba ambiri, wafungo lamphamvu, amene amakondedwa ku China. Wachitatu amalimidwa chifukwa cha tsinde lake lotupa la pansi, ndipo ameneyu kuno ndi wosowa.

Pa magalamu 100 alionse a seleri wamuwisi, omwe ndi mapesi awiri kapena atatu, pafupifupi magalamu 95 ndi madzi. Makalori ake sapitirira 16, kutanthauza kuti sapatsa thupi mphamvu yogwirira ntchito. Muli faiba wokwana magalamu 1.6, wothandiza m'mimba kuti munthu asadzimbidwe, potaziyamu mamiligalamu 260, vitamini K wochulukirapo, foleti, ndi vitamini C pang'ono chabe. Tsopano muike bonongwe pambali pake. Pa muyeso womwewo bonongwe ali ndi potaziyamu woposa mamiligalamu 600, kashiyamu woposa 200 pamene seleri ali ndi 40, ndipo ayironi wake amaposa wa seleri kakhumi. Nkhwani nawonso amamuposa seleri pa potaziyamu. Izi ndikuzinena msanga chifukwa zimandipweteka kuona mayi akusiya bonongwe wongomera yekha kuseri kwa khola n'kukaononga ndalama pa kamtolo ka ndiwo yachilendo poganiza kuti yachilendoyo ndiye yopatsa thanzi. Mwana wochepa magazi, mayi woyembekezera, wodwala amene akuchira, onsewa akufunika bonongwe, chisoso, khwanya, chigwada, nyemba ndi usipa. Seleri sangalowe m'malo mwa zimenezi.

Nanga mbiri ya BP ija inachokera kuti? Inachokera pa zinthu zenizeni, ndipo kuti timvetse tiyambe ndi vuto lenilenilo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Si matenda a m'tauni mokha, kumudzi aliko. Chimodzi mwa zinthu zimene zimakweza BP ndi mchere. Mumchere muli sodiyamu, ndipo sodiyamu akachuluka m'magazi thupi limasunga madzi ambiri kuti limusungunule. Madziwo amachulukitsa magazi oyenda m'mitsempha, mitsempha imapanikizika, mtima umapopa movutikira. Zikapitirira zaka, mitsempha imauma, impso zimaonongeka, ndipo tsiku lina kamtsempha ka mu ubongo kamatsekeka kapena kuphulika, munthu n'kufa ziwalo. Potaziyamu amachita zosiyana: amathandiza impso kutaya sodiyamu kudzera mumkodzo, komanso amathandiza mitsempha kumasuka. N'chifukwa chake WHO imalangiza munthu wamkulu kuti asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuti azipeza potaziyamu wosachepera mamiligalamu 3,510, ndiponso kuti azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku.

Seleri amaonjezera kake pa potaziyamuyo, monga zimachitira ndiwo zonse zamasamba. Alinso ndi manaitireti achilengedwe, amene thupi limawasandutsa mpweya wothandiza mitsempha kutakasuka. Chimene chili chakechake ndi timichere totchedwa phthalides, tomwe timamupatsa fungo lake lija. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku University of Chicago anapatsa makoswe kamodzi mwa timichereti, kotchedwa 3-n-butylphthalide, ndipo BP ya makoswewo inatsika. Ku China kamchere komweka, kopangidwa kufakitale ndi kuyezedwa mlingo wake, kanavomerezedwa mu 2002 kukhala mankhwala a anthu ogwidwa sitiroko. Pachitikanso kafukufuku wa anthu ochepa omwe ankamwa makapisozi a njere za seleri, ndipo zotsatira zake zinali zolimbikitsa. Zonsezi n'zoona, koma muone kusiyana kwake. Khoswe si munthu, kapisozi wokhala ndi mankhwala oumbidwa pamodzi si phesi la mumsuzi, ndipo gulu la anthu ochepa lotsatidwa kwa milungu yochepa silingafanane ndi zaka zambirimbiri zimene mankhwala a kuchipatala ayesedwa pa anthu zikwizikwi.

Choopsa ndinanena chija ndi ichi: kusiya mapiritsi a BP chifukwa wayamba kumwa madzi a seleri. BP siipweteka. Munthu amatha kusiya mankhwala n'kumamva bwino miyezi ingapo, n'kumauza anzake kuti wachira, pamene mkati mitsempha ikuonongeka. Bambo, mayi, agogo, ngati kuchipatala anakupatsani mapiritsi, pitirizani kumwa, idyani seleri ngati ndiwo, ndipo muzipita kukayezetsa pa tsiku limene anakuuzani. BP ikatsika chifukwa mwasintha kadyedwe, dokotala ndi amene adzachepetse mankhwalawo ataona manambala. Chimodzimodzi odwala shuga. Zakuti seleri amatsuka impso kapena chiwindi zilibe umboni. Ziwalo zimenezi ndi zimene zimayeretsa magazi, ndipo chimene zimafuna kwa inu ndi madzi akumwa okwanira, mchere wochepa ndi kupewa mowa. Za mphamvu za abambo nazonso zilibe umboni. Ndipo amene amafinya seleri n'kumwa madzi okha amataya faiba wambiri m'zotsalira zija, chomwe chinali chimodzi mwa zabwino zake zenizeni.

Seleri ali ndi sodiyamu wochulukirapo kuposa ndiwo zambiri zamasamba, mamiligalamu pafupifupi 80 pa magalamu 100, n'chifukwa chake mukamutafuna wamuwisi mumamva kamchere patali. Izi zisakuopseni: kuti mufike pa sodiyamu wa m'kasupuni kamodzi ka mchere mungafunike kudya makilogalamu oposa awiri. Kamchere kachilengedwe kameneka, pamodzi ndi fungo lake, ndi kamene kamamupatsa ntchito yake yeniyeni. Mu 2008 ofufuza a ku Japan anapeza kuti ma phthalides aja akalowa mumsuzi wa nkhuku amaukometsa, ngakhale atachepa kwambiri moti munthu sakumva fungo la seleri. Ophika anazidziwa izi kale asayansi asanaziyeze. Ku France msuzi umayambira pa anyezi, kaloti ndi seleri, anyezi magawo awiri, enawo gawo limodzi limodzi. Ku Italy amachita chimodzimodzi, ndipo ku Louisiana m'dziko la America amaika tsabola wobiriwira wosawawa m'malo mwa kaloti. Ife timayambira pa anyezi ndi tomato, ndipo seleri amalowa bwino pakati pa ziwirizi popanda kusintha kaphikidwe kathu.

Tiyambe ndi nyemba, popeza ndi zimene zimaphikidwa kawirikawiri m'makomo mwathu ndipo zimadya mchere wambiri. Tengani phesi limodzi kapena awiri pa mphika wa banja. Sadzulani mapesi akunja kuti ulusi uchoke, mudule tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo mukazinge pamodzi ndi anyezi pamoto wosalilima kwa mphindi 5 kufika 7, mpaka zonse zitafewa. Apa ambiri amalakwitsa poponya seleri pamafuta otentha kwambiri. Akapserera amawawa, ndipo mphika wonse umatengera kuwawako. Zikafewa thirani tomato, apse asanduke msuzi, kenako nyemba zowiritsa kale ndi madzi ake. Mchere muthire theka la umene mumathira masiku onse, mulawe, ndipo muonjezere pokhapokha ngati pakufunikadi. Nandolo, khobwe ndi nzama zimayenda njira yomweyo.

Nkhuku yachikuda ndi nyama ya mbuzi zimafuna kuwira nthawi yaitali, ndiye apa mapesi ndi masamba omwe alowe pachiyambi, atulutse zonse zimene ali nazo mumsuzi. Ku usipa, bonya ndi matemba ndi masamba amene amagwira ntchito: kadzanja kamodzi kodula bwino, kuwaza patsala mphindi ziwiri kuti muphule, fungo la nsomba limachepa ndipo msuzi umamveka kupepuka. Mulawe kaye musanathire mchere, chifukwa nsomba zina zouma zimabwera ndi mchere wake kale. Masoya pisesi ndi zokometsera za m'mapaketi ndiye pobisala mchere wambiri. Kachibulu kamodzi kokometsera msuzi kangathe kukhala ndi gawo lalikulu la mchere wa tsiku lonse, ndipo ambiri amathira kachibuluko n'kuthiranso mchere pamwamba. Mukakhala ndi seleri, anyezi, adyo ndi tomato wakupsa bwino, kachibuluko mungathe kukasiya kapena kukagawa pakati.

Seleri yekha musamutendere, fungo lake limaposa nsinjiro ndipo ana amakana. Koma masamba ochepa osakaniza mu mpiru kapena nkhwani wotendera amakoma, ndipo kuno kwa eni mtedza ndi njira yabwino yomuzoloweretsa pabanja. Soda asalowemo. Soda wa m'sitolo nayenso ndi sodiyamu, ndipo amaononga vitamini C ndi mavitamini ena a m'masamba. Wamuwisi amakoma mu kachumbali, wodula mopyapyala pamodzi ndi tomato, anyezi ndi madzi a mandimu, ndipo mandimuwo nawo amachepetsa chilakolako cha mchere. Mumpunga ndi mu mbatatesi za msuzi amalowanso.

Kuchepetsa mchere kumafuna kuleza mtima. Mukachotsa wonse tsiku limodzi, abambo afunsa mchere wa pambale ndipo phindu lonse litha. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita milungu ingapo, ndipo ndiwo zimene kale zinkaoneka zosakolera zimayamba kukoma. Mchere wochepa umene mukuthirawo ukhale wa ayodini, chifukwa ayodini amateteza ku chithokomiro ndipo ndi wofunika pa kukula kwa ubongo wa mwana.

Alipo anthu ofunika kusamala. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, adziwe kuti vitamini K amalimbana ndi mankhwalawa. Sakuletsedwa masamba, koma asamasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene amadya, ndipo za madzi a seleri auze kaye dokotala. Amene impso zawo zinafooka amalephera kutaya potaziyamu, ndiye makapu a madzi ofinya angawavulaze. Mayi woyembekezera angathe kudya seleri wa mundiwo, koma apewe njere zake, mafuta ake ndi makapisozi ake. Ena thupi lawo limadana naye. Ku maiko a European Union ali m'gulu la zakudya 14 zimene lamulo limakakamiza kuzilemba pa paketi chifukwa cha ziwengo. Mukamva kuyabwa mkamwa, milomo kutupa kapena kubanika mutadya, lekani ndipo thamangirani kuchipatala. Njere zogula ku sitolo ya mbewu nthawi zambiri zimakhala zopakidwa mankhwala, ndipo si zodya ngakhale pang'ono.

Seleri amasunga dothi pakati pa mapesi ake, pansi pomwe amakumana. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatikumbutsa zimene madzi oipa amachita. Patulani phesi lililonse palokha, mutsuke ndi madzi a pamjigo kapena othira klorini, makamaka ngati mudye osaphika. Apa ndi pamene wolimidwa pafupi amaposa wochokera kutali. Wa m'dimba lanu, kapena la mnansi wanu, mumadziwa madzi amene amathirira, mumadziwa tsiku limene anapopera mankhwala komaliza, ndipo amafika kukhitchini masamba ake akadali obiriwira. Wa m'sitolo kawirikawiri amafika atamudula masamba, pamene masambawo ndi amene ali ndi vitamini C, kashiyamu ndi fungo lochuluka kuposa mapesi.

Kumulima kuno n'kotheka, koma si mbewu ya munthu wa ulesi wothirira. Mchinji ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200, ndipo nyengo yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi imamuyanja seleri, amene amakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 21. Madimba a m'madambo ndi a m'mbali mwa Bua ndi timitsinje take ali ndi dothi lakuda losunga chinyezi limene mbewuyi imafuna, bola madzi asamadikhe pabedi. Njere zake ndi zazing'ono zedi, zoposa 2,000 pa galamu imodzi, ndipo aliyense amene anasamalirapo nazale ya fodya sadzaona chachilendo: bedi losalala bwino, njere zosakaniza ndi mchenga kuti zimwazike mofanana, osazikwirira mozama chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere, udzu wopyapyala pamwamba, ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono. Zimatenga milungu iwiri kapena itatu kuti zituluke, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kugalauza bedi. Mbande zimakhala pa nazale milungu 8 mpaka 10. Mukafesa chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, pansi pa kamthunzi koteteza ku mvula yamphamvu, mudzawokera cha mu Meyi, motalikanitsa masentimita 20 mpaka 30, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mudzayamba kukolola, dzuwa la Okutobala lisanafike.

Mizu yake siilowa pansi kwambiri, ndiye dothi likangouma pamwamba mbewuyo yamva kale. Seleri wosowa madzi amakhala ndi ulusi wambiri, mapesi amachita mphako ndipo amawawa. Kuthirira modumphadumpha kumabweretsanso vuto lina: timasamba ta pakati timada n'kuola, chifukwa kashiyamu amayenda ndi madzi ndipo akasowa madzi safika ku nsonga zimene zikukula. Ena akaona zimenezi amathamangira kupopera mankhwala, pamene chofunika ndi kuthirira mosadukiza ndi kuphimbira bedi ndi udzu. Manyowa akhale ambiri koma owola bwino. Ndowe zaziwisi pa mbewu yodyedwa yaiwisi ndi njira ya matenda otsekula m'mimba. Musamudzale pamene pangochoka fodya kapena tomato amene mizu yake inali yotupatupa, chifukwa tizilombo ta m'nthaka tomwe timatupitsa mizuyo timamugwiranso seleri. Nsabwe za m'masamba ndi mawanga a pa masamba zimabwera ndithu. Thirirani pansi m'malo mothira pamwamba pa masamba, chotsani masamba odwala, ndipo ngati mwapopera dikirani masiku olembedwa pa botolo musanakolole. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuthandizeni kusankha mankhwala oyenera.

Pokolola valani malaya a manja aatali kapena musambe m'manja ndi m'mikono mukangomaliza. Madzi a seleri, makamaka amene wayamba kuola, ali ndi timichere tina tomwe tikakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa timatulutsa matuza ngati munthu wapsa. Vutoli limadziwika bwino pakati pa ogwira ntchito m'minda ya seleri kumaiko amene amamulima kwambiri.

Kwa woyamba kumene, wa masamba ambiri uja ndiye wosavuta: amapirira kutentha kuposa wa mapesi onenepa, ndipo popeza fungo lake ndi lamphamvu, wochepa amakwanira mphika. Simukuyenera kuzula mbewu yonse. Thyolani mapesi akunja, apakati azikulabe, ndipo mitengo khumi yokha ingathe kudyetsa banja miyezi ingapo. Amene wagula mtolo wokhala ndi tsinde lake angathe kudula tsindelo, kuliika m'kambale ka madzi pang'ono kwa sabata imodzi, likaphuka n'kulidzala. Mapesi ake amakhala ang'ono koma masamba amakwanira kukhitchini. Wofuna kugulitsa ayambe wapeza ogula. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, Chipata ili kutsidya kwa Mwami, ndipo ogula enieni ndi mahotela, malo odyera ndi masitolo, amene amafuna katundu wofika sabata iliyonse mosalephera. Seleri amafota msanga akadulidwa, ndiye kudzala mabedi ambiri musanagwirizane ndi munthu n'kudziika pa chiopsezo chotaya.

Popanda firiji, imikani mapesi m'chikho cha madzi pamalo ozizira, muzisintha madziwo tsiku lililonse, kapena akulungeni m'nsalu yonyowa. Amatha masiku angapo. Masamba otsala ayanikeni pa lichero pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limachotsa mtundu ndi fungo. Akauma mpaka kufumbutuka m'manja, asinjeni, musefe, musunge m'botolo louma lotsekeka bwino. Theka la kasupuni ka ufa umenewu limakwanira mphika wa nyemba m'miyezi ya dzinja, pamene dimba lamira ndipo seleri wamuwisi kulibe.